Batani Lofiira la a Kopala

Loweruka lapitali tinapita ku Mkanda kukamanga chiliza pamanda a a Laitoni Mbewe, amene ife tonse kuno kuboda tinkawatchula kuti a Kopala. Tinalipo anthu asanu basi: mayi Nangozo, eni lesitilanti imene ine ndimasokera pakhonde pake, ine, ana awiri a mlongo wa malemuwo, ndi womanga amene ankangoyang'ana dzuwa kuti aweruke. Chaka chatha chimwalirireni. Pobwerera ndinamva nkhani imene sindinkaidziwa, ndiye ndati ndilembe za munthuyu mutu usanayambe kutaya zina.

Tinakhala khonde limodzi zaka zoposa khumi, ine ndi makina anga osokera, iwo ndi benchi yawo. M'mawa uliwonse ankasesa okha malo awo, osalola wina kuwasesera. Akatero ankayala thumba pabenchi n'kundandalika zida: masikuludiraiva atatu, pulayala, kafayilo kakang'ono, mswachi wakale ndi kansalu koyera. Ankavala ovololo ya kumigodi imene inali itasuluka mpaka kusadziwika mtundu wake. Ine ndinaigamba kasanu, ndipo kasanu konse anandiuza kuti msoko wakhota.

Ankakonza mawailesi, matochi, mawotchi ndi masimbi amagetsi. Munthu akabwera ndi wailesi yakufa, iwo sankathamangira kumasula. Ankayamba aitembenuza, kuigwedeza pafupi ndi khutu, kenako n'kuinunkhiza. Anthu ankaseka, koma iwo ankati mphuno imadziwa zimene mwini chinthu akubisa. Ankanenanso kawirikawiri kuti zinthu zambiri zimene anthu amati zafa sizinafe, zangoda. Ukazitsuka bwino zimadzuka zokha.

Mdani wawo wamkulu anali oilo. Kwathu kuno chilichonse chikalira kapena kulimba timachithira mafuta, chifukwa tinakulira panjinga. Tcheni chikalira, oilo. Chitseko chikalira, oilo. Loko akavuta, oilo. Kutsidya kwa msewu kunali bambo wina wokonza njinga amene ankathira oilo wakuda wa m'malole pa chilichonse chimene wapatsidwa. A Kopala anakangana naye zaka zonsezo. Tsiku lina bamboyo anathira oilo m'wotchi ya mphunzitsi wina, ndipo a Kopala anawoloka msewu, wotchi ili m'manja, n'kumufunsa pagulu ngati mwana wake akatsokomola amamumwetsanso oilo. Sanalankhulane mpaka Khirisimasi.

Ndi ine ankakangana za msoko ndi za wailesi. Inali nthawi imene zipani zinali zitachuluka, ndipo ine ndinkakonda kumvera misonkhano mokweza. Iwo ankati phokoso lawo la tsiku ndi tsiku likuwakwana. Nthawi ina tinatha masiku atatu osapatsana moni, titakhala moyandikana chonchi. Tsiku lachinayi lamba wa makina anga anaduka. Ndinapita kukagula ulusi, ndipo pobwera ndinapeza lambayo atalumikizidwa bwinobwino, mwini ntchito akuyang'ana kumsewu ngati sakudziwa kanthu. Mkangano unathera pomwepo.

Dzina la Kopala analitenga ku Zambia, kumene dera la migodi amalitchula choncho. Anapita kumigodi ali mnyamata ndipo anakhalako zaka zoposa makumi atatu, akukonza magetsi pakalabu ya anthu apamgodi. Anakwatira komweko, mkazi anamwalira komweko, ana sanakhale nawo. Ntchito itatha ndipo kalabu ikutsekedwa, anawapatsa makina amodzi amasewera amene ankawasamala. Anawoloka nawo boda palole ya chimanga. Ankasimba akuseka kuti apakasitomu anawazungulira makinawo kwa nthawi, wina akuti ndi tebulo, wina akuti ndi wailesi, wina akufunsa ngati muli maliro.

Iwo ankawatchula kuti pinibolo, koma ife tinkangoti makina a kampira. Linali bokosi lalitali la miyendo inayi, pamwamba pali galasi, lopendekera kwa wosewera. M'kati munkathamanga kampira kachitsulo, kakugunda apa ndi apo, mabelu akulira, timagetsi tikuphethira, manambala akutembenuka kumutu kwake. Kumunsi kunali timikono tiwiri tomenyera kampirako kuti kasagwere m'dzenje. Timikonoto tinkayenda munthu akadina mabatani awiri ofiira a m'mbali mwa bokosilo, lina kumanja lina kumanzere. Masewera onse anali pamabatani awiriwo.

Kwawo ku Mkanda anakhalako sabata imodzi yokha. Munda wa mayi awo unali utagawidwa kale kwa ana a mlongo wawo, ndipo palibe amene akanawadzudzula anawo. Munthu anatchona, osatumiza ngakhale mchere, maliro a mayi ake osabwera. Anawalandira mwaulemu, kuwaphera nkhuku, n'kumawafunsa tsiku lililonse kuti abwerera liti. A Kopala sanawaipire mtima. Anandiuza kamodzi kokha kuti mlandu unali wawo, ndipo sanabwerezenso.

Anabwerera kuboda ndi makina awo, poti kumudzi kunalibe magetsi. Mayi Nangozo, amene anali atangoferedwa amuna awo, anawalandira. Pangano lake linali lapakamwa: makina aime pakona m'kati mwa lesitilanti kuti madalaivala odikira mapepala azisewera, a Kopala atenge kachipinda kakuseri kamene kankasungira makala, ndipo azidya za mumphika womwewo. Mayiwo anangoti, “Makina akamalira, inunso mukhala.” Kabowo koponyera ndalama sikankalandira makobidi athu, ndiye a Kopala anasema mawashala, tizitsulo tozungulira ta saizi yake, ndipo wofuna kusewera ankatenga washala pakauntala. Madalaivala, osintha ndalama, ngakhale abusa ena oyenda pamsewu, onse anaimapo pakona paja akudzipinda ngati akupalasa njinga pachitunda.

Zinthu zinayamba kusintha mwana wamkazi wa mayi Nangozo atakwatiwa ndi a Daisoni. Sindinena kuti a Daisoni anali munthu woipa. Anali mnyamata wachangu, woona patali, ndipo ankaona kuti anthu ayamba kukonda vidiyo. Ankafuna pakona paja paikidwe kanema, ndipo kachipinda kakuseri kasungire mabenchi ndi makireti. Poti mkamwini sakangana ndi apongozi ake maso ndi maso, ankabwera pakhonde n'kumalankhula ndi ine mokweza, mawu akulunjika kuwindo la kukhitchini. “A Telala, inu mukuona bwanji? Zinthu za atsamunda zimenezi zidzatha liti?” Ine ndinkangopalasa makina anga. A Kopala ankapukuta sikuludiraiva imene inali yoyera kale.

Nthawi yomweyo manja awo anali atayamba kunjenjemera. Anayamba ndi lamanja. Tiyi ankatayikira m'sosala, ndipo tizitsulo ting'onoting'ono ta m'mawotchi anasiya kutilandira, akuti alibe nthawi. Tonse tinkaona koma palibe amene ankanena.

Tsopano ndinene za mlandu wanga.

Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, malole akutibudulira fumbi tsiku lonse. Lachiwiri lina a Kopala anakwera njinga ya kabaza kupita kuchipatala kuboma kukaonetsa manja awo. Masana dalaivala wina wopita ku Chipata anayamba kudandaula kuti batani lakumanja likulimba, ndipo ankamenya bokosilo ndi chibakera. Mayi Nangozo anali kukhitchini. Ine ndinati ndithandize. Ndinatenga kachitini kanga ka mafuta a makina osokera, ndinadontheza madontho angapo kuzungulira batanilo, n'kulidina kawiri katatu. Linafewa ngati latsopano. Dalaivala anandiyamika, ndipo ndinabwerera pampando wanga ndikudzimva kuti nanenso ndine mmisiri. Zonse zimene a Kopala ankanena za oilo ndinkaziyesa za oilo wakuda wa m'malole. Anga anali mafuta oyera, apamwamba.

Lachitatu batani linayamba kubwerera mwaulesi. Lachinayi masana linalowa osabwereranso. Kamkono kakumanja kanaima njo, makina akung'ung'udza, ndipo m'lesitilanti monse munamveka fungo la chinthu chopserera. Mayi Nangozo anathamanga n'kuzula pulagi.

A Daisoni anafika, anawerama, n'kupititsa chala pansi pa batanilo. Mafuta anali atatsetsereka pathabwa, atasakanikirana ndi fumbi. Anatuluka pakhonde chala chili m'mwamba.

“Wathira mafuta apa ndani? Amene wachita zimenezi achoke pakhonde pano, ndi wowononga katundu.”

Ananena akuyang'ana makina anga osokera. Ine ndinaweramira pamsoko wa buluku limene ndinali nditamaliza kale. Ana anga anayi ankadya za pakhonde pomwepo, ndipo malo ena osokera pafupi ndi msewu kunalibe. Fisi akagwa m'mbuna salankhula.

A Kopala analowa m'kati, anagwada movutikira pafupi ndi bokosilo, n'kununkhiza batani. Anakhala choncho kanthawi. Atadzuka sanayang'ane munthu aliyense.

Madzulo ake mayi Nangozo anatuma mwana wawo kukauza mwamuna wake kuti asatulutse makinawo, adikire mpaka Loweruka masana. Makina akapanda kulira pofika nthawi imeneyo, iwo sadzakhalanso ndi choyankha. Tonse tinadziwa tanthauzo lake. Makina akatuluka, a Kopala atuluka nawo, ndipo kopita kunali kumodzi kokha, kumene ankawafunsa tsiku lobwerera.

Lachisanu sanagwire makinawo. Anangotuma munthu kukagula sipiriti kugolosale, n'kukhala pabenchi manja atawapanikiza pakati pa mawondo. Ine tsiku limenelo ndinasoka kolala chagada.

Loweruka m'mawa anatsegula kachitseko kakutsogolo kwa makinawo, anachotsa chitsulo chotchinga, ndipo ine ndinawathandiza kusolola galasi n'kuliimika kukhoma. Anatukula thabwa losewerera n'kulichirikiza ndi kamtengo. M'kati munali mawaya ambirimbiri ngati mizu ya nsungwi. Anagwira kachinthu kena kokulungidwa ndi waya, kamene kamakoka kamkono kaja, anakanunkhiza, n'kunena kuti kanatentha koma sikanapse. Anayamika mayi Nangozo chifukwa chozula pulagi msanga.

Batanilo kumbuyo kwake limagwidwa ndi kachitsulo kakang'ono kopindika, kochepa kuposa chikhadabo cha mwana. Anatenga pulayala kuti akachotse. Pulayala inavina m'manja mwawo. Anayesa kachiwiri, inaphonya. Kachitatu inagwera m'kati mwa bokosi. Thukuta linatsika pachipumi pawo, ndipo a Daisoni anali ataima pakhomo, manja m'thumba. Sindinaonepo a Kopala akuchita manyazi ngati tsiku limenelo, ndipo mtima unandipweteka kwambiri podziwa kuti amene ndawafikitsa pamenepo ndine.

Anatembenuka n'kundiyang'ana.

“A Telala, manja anuwo ali ndi ntchito panopa?”

“Ayi, madala.”

“Kasambeni ndi sopo, mubwere nawo kuno. Awe, musapukutire kubuluku.”

Anandiuza pogwira, ine ndinagwira. Kachitsuloko kanachoka, ndipo anandilamula kuti ndikaike m'sosala, osati pansi. Ndinamasula nati yaikulu, ndipo batani linatuluka pamodzi ndi chikho chake ndi kasipuling'i. Zimene ndinaona zinandichititsa manyazi. Mafuta anga anali atakoka fumbi lonse la mumsewu, makoko a mtedza, ndi thukuta la zala za anthu, n'kupanga phala lakuda lomata ngati phula.

“Mwaona?” anatero motsitsa mawu. “Batani silifuna kudya. Limangofuna kusamba.”

Anapempha madzi ofunda, osati otentha, akuti otentha amapinda pulasitiki. Ndinatsuka batanilo ndi sopo ndi mswachi wawo wakale uja, m'kati ndi kunja, mpaka madzi atatu. Chikho chake ndinachipisa ndi kansalu kokulunga pakamtengo. Kasipuling'i ndinakapukuta ndi sipiriti. Pamene ndinkati ndamaliza, iwo ankalitenga, kulinunkhiza, n'kundibwezera. Kachinayi anagwedeza mutu kuvomera.

Ndinati ndiliike padzuwa kuti liume msanga, poti nthawi inali ikupita. Anakana. Analiika pamthunzi, pakansalu koyera, n'kuitanitsa tiyi. A Daisoni ankayang'ana wotchi, ine ndinkayang'ana dzuwa, mwini wake akupemerera tiyi ngati tsikulo ndi la munthu wina. Kuona maso a nkhono n'kudekha, koma tsiku limenelo nkhonoyo inanditopetsa.

Podikira anandionetsa timalata tiwiri topyapyala timene batani limakankha kuti tikhudzane ndi kupititsa magetsi. Natonso tinali titamata. Anang'amba kachikatoni ka paketi ya sopo, anakanyowetsa ndi sipiriti, n'kundiuza kuti ndikapititse pakati pa timalatato ndikutifinya pang'ono. Kachikatoni koyamba kanatuluka kakuda, kachiwiri kotuwa, kachitatu koyera. Pomwe panali popserera anandipatsa kafayilo n'kunena kuti ndipalepo kawiri kokha. Kenako anatseka diso limodzi n'kuyang'ana mpata wa pakati pa timalatato. “Pindani pang'ono. Basi! Mwapitirira. Bwezani. Eya, pomwepo.”

Batani litauma ndinalibwezera, kasipuling'i, nati, n'kumalizira kachitsulo kopindika kaja, kamene kanalowa ndi kamawu kakang'ono kuti tha. A Kopala analidina ndi chala chawo chonjenjemeracho. Linalowa n'kubwerera lokha. Analidinanso. Tinabwezera galasi, mayi Nangozo analumikiza pulagi, ndipo timagetsi tinayaka. Dzuwa linali lisanafike paliwombo.

A Kopala anatenga washala pakauntala n'kuyenda mpaka pakhomo pamene panaima a Daisoni.

“Bambo, yesani ndinu. Ine ndingakondere.”

A Daisoni anazengereza, koma anthu anali atadzaza, ndiye analandira. Kampira kanathamanga, belu linalira, kamkono kakumanja kanamenya kuti pha. Anasewera washala mmodzi, kenako anapempha wina. Pa wachitatu anali akukuwa yekha. Nkhani ya vidiyo sinathe, koma inagona. Nkhani ya wothira mafuta sinatchulidwenso, ndipo ine ndinkati ndachita mwayi, anthu angoiwala.

Titabwerera pakhonde a Kopala anapukuta zida zawo chimodzichimodzi. Kenako, akuyang'ana kumsewu, anati, “Mafuta anu aja ndi abwino kwambiri, a Telala. Muziwasungira makina osokera.” Ndinatsegula pakamwa kuti ndipepese, koma anakweza dzanja n'kundifunsa ngati ovololo yawo ndiigamba liti.

Kuyambira pamenepo Loweruka lililonse m'mawa ine ndinali manja awo. Tinkatsuka mabatani onse awiri, ngakhale asanade. Anakhala m'kachipinda kaja zaka zina zisanu, ndipo anamwalira momwemo, masana ena a mwezi wa Juni, atadwala masabata awiri. Mayi Nangozo anafuna kuzimitsa makina kuti wodwala apume, koma iwo anakana, akuti akamamva belu kuseri kwa khoma amadziwa kuti akadali pakhomo pawo.

Loweruka lapitali, tili pamatola pochokera ku Mkanda, mayi Nangozo anali atafunda chitenje kumutu chifukwa cha fumbi. Tikuyandikira msewu wa tala anandigunyuza.

“A Telala, mukudziwa kuti a Kopala anandinamizapo kamodzi?”

Ndinati sindikudziwa.

“Lachisanu lija la batani anabwera kukhitchini, chipewa chili m'manja. Akuti, ‘Mayi, mafuta aja ndinathira ndine. Mutu wayamba kundipusitsa.’ Munthu amene ankawoloka msewu kukalalatira mnzake chifukwa cha oilo! Ndinati, ‘Mukudziwa kuti mkamwini wanga akamva zimenezi anena kuti mwakalamba, chipinda mutuluke?’ Akuti, ‘Ndikudziwa, mayi. Koma telala ali ndi ana anayi. Ine ndili ndi ovololo.’ Ndinadziwa kuti ndi bodza, koma bodza la munthu wamkulu sulitsutsa pamaso. Ndinatuma mwana wanga kukauza mwamuna wake momwemo. Inu mumayesa nkhani ija inangofa yokha?”

Ndinayang'ana minda ya fodya imene inali kudutsa, ndipo misozi inatsika, ine bambo wa imvi, pamaso pa anthu ogulitsa tomato. Zaka zisanu a Daisoni ankawaona a Kopala ngati nkhalamba yosokonekera imene inathira mafuta pamakina ake omwe, ndipo iwo ankangomwa tiyi pafupi nane osanena kanthu.

Makina aja analira miyezi inayi mwini wake atapita. Kenako munapsa chinthu china m'kati chimene ine sindinkachidziwa, ndipo panalibe wonunkhiza. A Daisoni anawatulutsa. Galasi linakhala windo la okala ina, bokosi akusungiramo anyezi kuseri. Pakona paja patsala zipsera zinayi pasimenti pamene panaponda miyendo, ndipo khoma la pamenepo ndi loyererapo kusiyana ndi kwina. Kanema anaikidwa mbali ina, chifukwa pakonapo akuti pamawala kwambiri. M'kachipinda kakuseri mwabwereranso makala.

Pakhonde benchi inachoka, koma msomali umene a Kopala ankakolekapo ovololo ukadalipo. Malo awowo ali ndi mthunzi wabwino kuposa anga, ndipo mayi Nangozo andiuza kawiri kuti ndisunthireko makina anga. Sindinasunthe. Ndimasesapo m'mawa, n'kubwerera kukhala padzuwa, pamalo pomwe a Kopala anandisungira.